Nyumba ya Patsinde pa Phiri

Amai anga aakulu anatisiya m'mwezi wa Okutobala chaka cha 2019. Tsiku lometa litapita, achibale anayamba kutulutsa katundu m'nyumba mwao monga mwa mwambo. Zofunda, mapoto ndi mbuzi anagawana popanda mkangano, koma pakhonde panatsala zinthu zimene panalibe wozitambasulira dzanja: mphero ndi mwana wake, nsupa ziwiri zoda ndi mwaye, lichero lakutha m'mphepete, ndiponso nyanda ya khungwa la mombo imene malemuwo anaisunga zaka zonse chifukwa inali ya agogo ao. Madzulo ake anyamata posesa pabwalo anaunjika zonsezi kudzala nayatsa moto. Pamene ndinkafika ndinapeza nyanda yapsa kale, nsupa zaphulika. Chimene moto unalephera ndi mphero basi.

Lolemba lotsatira ndinanyamula mwana wa mpheroyo m'thumba kupita naye ku sukulu, ndipo ndinamuika patebulo pamaso pa ana a Sitandade 7. Mwa ana 84 amene analipo tsikulo, anai okha ndiwo anadziwa ntchito yake. Mnyamata wina, wochenjera ndithu pa masamu, anati ndi mwala wokwechera zidendene posamba. Anzake anaseka, inenso ndinaseka nao, koma pobwerera kunyumba mtima unandiwawa, pakuti ndinali nditaphunzitsa zaka 27 m'dera lomwelo, ndipo ngati anawo sadziwa mphero, mlandu wina uli pa ine.

Kwathu ndi kumapiri a Dedza. Munthu akapalasa njinga maora awiri kuchokera pa sukulu yathu amafika ku nkhalango ya Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula zakale pamiyala, ena mwa iwo odziwika bwino monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zofiira ndi za Akafula, anthu osaka nyama amene anakhala m'mapirimo kalekale. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi miyambo ina. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linalemba malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Tsono taonani, alendo akuoloka nyanja kudzaona zimene makolo anasiya pamiyala, ife eni nthaka tili kalikiliki kutentha nyanda kudzala.

Nkhaniyi ndinaitula kwa amfumu, iwonso anaitula kwa anzao, mpaka m'chaka cha 2021 midzi isanu ndi umodzi inagwirizana zomanga nyumba yosungiramo zinthu za makolo, kumenenso ana adzisonkhana kumva nthano ndi kuphunzira luso la manja. Ana a m'midziyi amene ali pa ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni analonjeza kusonkha ndalama. Amfumu anapereka malo pa kaphiri ka kuseri kwa sukulu, kamene pamwamba pake pali thanthwe lalikulu losalala loyanikapo ufa, ndipo m'munsi mwake muli misuku ndi mombo. Popeza ndine mphunzitsi, anandisankha kukhala mlembi wa komiti, ndipo anandipatsanso ntchito yojambula maonekedwe a nyumbayo.

Pano, awerengi okondedwa, ndiyenera kuulula. Ndinatenga kope la masamu ndi rula, ndipo usiku umodzi wokha ndinatsiriza. Ndinajambula chinyumba cha mamita 30 m'litali ndi mamita 9 m'lifupi, cha njerwa zootcha, chopakidwa utoto wachikasu, denga la malata obiriwira onyezimira. Ndinachikhazika pamwamba penipeni pa thanthwe, kuti aliyense wodutsa pa mseu wa Lilongwe kupita ku Blantyre adzifunsa kuti kodi kumtunda uko kuli chiyani. Kuti lole ikwere ndi mchenga panafunika mseu woongoka wodula pakati pa misuku. Ndinawerenga mitengo 41 yoyenera kugwa, ndipo ndinalemba nambalayo pambali popanda mtima kugunda. Nsonga za thanthwe zinayenera kuswedwa ndi moto ndi nyundo kuti maziko akhale osalala.

Pa msonkhano pepala lija linayenda m'manja mwa anthu, onse akuvomera ndi mitu. Potsiriza linafika kwa gogo wina amene anali namkungwi kale ife tisanayambe sukulu. Analigwira chozondotsa, nayang'ana kwa nthawi, kenaka anati: "Aphunzitsi, sukulu tili nayo kale imodzi. Iyi yachiwiri mwajambulayi ndi ya ana a yani? Nanga misuku mukadula, mwana wofuna kudziwa msuku mudzamuonetsa wa papepala?"

Anthu anaseka. Ine ndinayankha mwaulemu monga ayenera munthu wamkulu, koma mumtima ndinati gogoyu sadziwa n'komwe kumene kuli kumwamba kwa pepala. Komiti inavomera chojambula changa. Chimene chinapulumutsa misuku chaka chimenecho si nzeru ya munthu ayi, koma kuchedwa kwa ndalama.

M'mwezi wa Disembala 2022 mwana wathu wamkazi amene anakwatiwa ku Musina, tauni ya kumalire a South Africa ndi Zimbabwe, anaona mwana, ndipo ine ndi amai a kunyumba tinakwera basi kukaona mdzukulu. Tinatulukira pa chipata cha Dedza, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo mpaka pa mlatho wa Beitbridge. Za ulendowo sindinena zambiri, koma kuti miyendo inatupa. Loweruka lina mkamwini wathu, podziwa kuti ndimakonda mbiri yakale, anatitenga pa galimoto kulowera kumadzulo, mtunda wa makilomita pafupifupi 70, kumalo otchedwa Mapungubwe, kumene mtsinje wa Shashe umathira mu Limpopo ndipo maiko atatu, South Africa, Botswana ndi Zimbabwe, amakomana.

Dziko la kumeneko ndi lotentha ngati kuchigwa cha Shire, la malambe ndi tsanya, ndi zitunda za miyala yofiirira. Titalowa pa chipata mkamwini anaimitsa galimoto nati, "Bambo, tafika. Nyumba ndi iyo." Ndinayang'ana kumene analoza chala ndipo ndinafunsa kuti, "Iti?" Chimene ndinkaona ndi chitunda chokhala ndi milu ya miyala, ina yaikulu ina yaing'ono, monga muja alimi amaunjikira miyala m'malire a munda. Titayandikira m'pamene ndinazindikira kuti miluyo ndi madenga, ndipo pansi pake pali zipinda zazikulu zoti n'kulowamo makalasi athu awiri kapena atatu.

Wotionetsa malo anafotokoza kuti pa phiri la Mapungubwe panali likulu la ufumu umene unakula kuyambira cha m'ma 1220 kufikira cha m'ma 1290, Great Zimbabwe isanatchuke. Anthu ake ankagulitsa golide ndi minyanga ya njobvu, nalandira mikanda yochokera kutsidya kwa nyanja ya India. Mfumu inkakhala pamwamba pa phiri, anthu wamba m'munsi. M'chaka cha 1933 m'manda a paphiripo munapezeka kachipembere kokutidwa ndi golide, kamene anapita nako ku Pretoria, ndipo m'chaka cha 2003, zaka zitatu Chongoni wathu asanalembedwe, UNESCO inalemba malowa m'kaundula womwe uja. Nyumba yofotokozera alendo mbiriyi anaijambula katswiri wa ku Johannesburg dzina lake Peter Rich, ndipo m'chaka cha 2009 pa mpikisano wa ku Barcelona inasankhidwa kukhala nyumba yopambana ya chaka chimenecho pa dziko lonse.

Za mphoto sindinasamale kwenikweni. Chimene chinandigwira ndi kamangidwe kake. Madengawo ndi okhota ngati chigoba cha kamba, ndipo mulibe mzati, mulibe phaso, mulibenso zitsulo zolimbitsa mkati mwake. Anawamanga ndi timatailosi topyapyala pafupifupi 200,000, topangidwa pamalo pomwepo ndi dothi la komweko losakaniza ndi simenti pang'ono, todindidwa pa makina a manja osaotcha. Ozipanga anali anthu a m'deralo amene analibe ntchito, ndipo anachita kuphunzitsidwa. Mmisiri amalumikiza timatailosito m'mbalimbali ndi matope ouma msanga, mzere uliwonse kutsamira pa unzake, kenaka amasanjikiza tina pamwamba, mpaka denga lotambalala mamita oposa 14 limadziimirira lokha. Lusoli ndi lakale, lochokera ku maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Pamwamba pa madengawo anayalapo miyala yotola pamalopo, n'chifukwa chake maso anga analephera kusiyanitsa nyumba ndi chitunda. Kunja dzuwa linkaswa mtengo, koma mkati munali mozizira ngati m'phanga, kuwala kukulowera m'timipata.

Ndisanamize munthu: nyumba imeneyo inadya ndalama za boma zimene midzi isanu ndi umodzi singazilote, ndipo denga lotere limafuna akatswiri owerengetsa kulemera kwake. Wina asawerenge nkhani ino n'kukayesa pa khitchini yake, chingamugwere.

Koma panali chinthu china chimene sichifuna ndalama. Wojambulayo sanakhudze phiri la Mapungubwe, pamene pali manda a mafumu. Nyumba anaiika m'mbali mwa chitunda china, ndipo njira ya alendo imakwera mokhotakhota kudutsa m'zipinda, mpaka munthu amatulukira pamwamba pa chitundacho, ndipo pamenepo, chapatali, amaona phiri lenilenilo lili lokha monga linalili zaka 800 zapitazo. Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu, ndipo mau a gogo uja anandibwerera. Amai a kunyumba anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi, ndikuwerenga misuku.

M'Januwale 2023 ndinaimirira pa msonkhano wa komiti ndi kupempha kuti chojambula changa chichotsedwe. Ndinayesa kuti anthu akondwa poona mphunzitsi akudzichepetsa. Sizinatero. Mmodzi wa ana a m'mudzi, wamalonda ku Lilongwe, amene analonjeza malata onse, ananyamuka nkhope itasintha.

"Aphunzitsi," anatero, "nyumba yanu ndi yamalata, pansi pa simenti. Bwanji simunafolere udzu? Ife tinakulira m'nyumba zodontha, tikusuntha mphasa usiku. Lero tapeza kangachepe kuti mudzi wathu uoneke, inu mukuti tibise nyumba m'tchire, timange ndi dothi. Amene amakonda kutiona m'matope ndi alendo ojambula zithunzi, iwo akagona ku hotela."

Ndinasowa choyankha, pakuti sananame. Ine ndemwe ndimakumbukira chaka cha 1981 pamene bambo anga anakhoma malata ndi ndalama za ku Joni. Usiku woyamba mvula itagwa tinagona osasuntha mphasa, ndipo amai analira ndi chimwemwe. Munthu amene sanagonepo m'nyumba yodontha asafulumire kunyoza malata. Udzu umapsa, umaola, umasunga makoswe, ndipo masiku ano tsekera wabwino amachita kugula chifukwa madambo analimidwa. Chiswe nacho sichilemekeza chikhalidwe cha munthu. Msonkhano unatha wopanda mutu.

Amene anatithandiza ndi mtsikana wina amene ndinamphunzitsa m'Sitandade 6, ndipo pambuyo pake anakaphunzira zomangamanga ku Blantyre. Atamva za mkanganowo anabwera pa tchuthi nati, "Aphunzitsi, musajambulenso kanthu. Tiyeni tidikire tsiku la mvula yamphamvu, tikayende paphiripo." Kunena zoona zinandivuta kulangizidwa ndi mwana amene ndinkamuongola kagwiridwe ka pensulo, koma nthawi imeneyo n'kuti kudzikuza kwanga kutaphwa.

Tinapita m'Febuluwale, ife asanu, titafunda matumba a feteleza. Phiri limene ndinalidziwa kuyambira ubwana ndinaliona ngati lachilendo. Madzi ochoka pathanthwe ankatsika m'timifuleni titatu, ndipo kamodzi mwa ito kankatsata ndendende pamene ndinajambula mseu wa lole. Tikanadula misuku ija, mvula ziwiri zokha zikanakumba chigwembe cholunjika pa zimbudzi za sukulu. Patsinde, pakati pa mwala waukulu ndi mtengo wa kachere, tinapeza malo athyathyathya pamene madzi sankaima konse. Mtsikanayo anafunsa akuluakulu kumene mphepo ya mwera imachokera m'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene kuzizira kwa Dedza kumalowa m'mafupa, ndipo onse analoza kumwera chakum'mawa. Anafunsa amai njira imene amadzera pokayanika ufa pathanthwe, ndi pamene ana amatolera masuku. Kenaka anatipatsa tinsanza toyera kuti timange pa mtengo uliwonse umene sitifuna kuti ugwe. Titatha, m'pamene anakhoma zikhomo ndi kukoka chingwe m'mipata yotsala.

Kotero nyumba inasiya kukhala chinyumba chimodzi chachitali. Zinatuluka nyumba zitatu zazing'ono zozungulira kachere uja, mtengowo n'kukhala bwalo monga zimakhalira kwa amfumu. Zonse zinafulatira mwera, makonde akuyang'ana dzuwa la m'mawa. Khoma lina linakafika pa mwala waukulu uja, ndipo mmalo mouswa mwalawo unasanduka mbali ya khomalo. Anatilangiza kuti tsindwi lisapitirire nsonga za misuku. Mitengo yoyenera kugwa inatsika kuchoka pa 41 kufika pa itatu.

Za dothi ndiyenera kukhalitsapo pang'ono, chifukwa aphunzitsi anzanga zingawathandize m'kalasi. Anatiuza kutenga dothi m'malo osiyanasiyana, kulithira m'mabotolo oonekera mkati, kuthiramo madzi, kukhutchumula bwino ndi kusiya usiku wonse. Mchenga umakhala pansi msanga, dothi losalala limatsatira, ndipo dongo limatera pamwamba pomaliza, kotero kuti m'mawa munthu amayesa ndi rula kuchuluka kwa chilichonse. Ana anga a Sitandade 7 anachita zimenezi ndi mabotolo 12, ndipo sindinawaonepo akukangana pa masamu monga tsiku limenelo. Makande a kudambo anakanidwa chifukwa amang'aluka akauma. Katondo wa kuseri kwa sukulu anavomerezedwa atamsakaniza ndi mchenga. Tinabwereka makina a manja odindira njerwa za dothi ndi simenti pang'ono, zimene zimauma pamthunzi zikuthiriridwa madzi, osafuna uvuni. Apa mtsikanayo anatikumbutsa kuti m'chaka cha 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zikuluzikulu, pofuna kuteteza mitengo. Ine pojambula chinyumba changa chija sindinafunse n'komwe kumene nkhuni za uvuni zikachokere, chikhalirecho yankho linali poyera: zikanachokera paphiri pomwepo.

Maziko ndi khoma kufikira m'chiuno tinamanga ndi miyala imene alimi amazula m'minda, kuti madontho a mvula asadye dothi, ndiponso kuti njira za chiswe zidzioneka msanga. Miyalayi sinagulidwe. Amai a midzi yonse anaisenza pamutu Lachisanu lililonse kwa miyezi inai.

Pa denga m'pamene tinakomana pakati. Nyumba ziwiri zosungiramo zinthu tinagwirizana kuti zikhale za malata, pakuti nyanda imodzi yapsa kale ndipo sitifuna kuti yachiwiri ipse kapena kuvunda. Koma malata a mtundu wa dothi, osathobwa m'maso, otuluka kunja kwambiri kuti aphimbe khoma, pansi pake poyala bango. Yachitatu, yopanda makoma, yokhalamo ana pomva nthano, ndiyo ya udzu, tsindwi lake lotsetsereka kwambiri kuti madzi asachedwepo. Ena anati tagonja kwa malata, ena anati tagonja kwa udzu. Ine ndinaleka kuwerengera wopambana.

Wamalonda uja sanavomere. Anati ndalama zake sizingagule malata obisika, ndipo anabweza lonjezo lake. Ntchito inaima pafupifupi chaka chathunthu makoma ali pamtunda, titawaphimba ndi mapepala apulasitiki, ndipo panali masiku amene podutsa pamenepo ndinkayang'ana kumbali. Tikakomana pa maliro amandipatsa moni wa nsonga za zala. Sindimuimba mlandu, pakuti amafunira mudzi wake zabwino monga ndimaufunira ine, ndipo chojambula chimene akuchilirira ndi changa chomwe. Chimene mwina sadziwa n'chakuti mai ake omubala sanajombe Lachisanu ndi limodzi lomwe pa kusenza miyala.

Nyumba yoyamba inafoleredwa m'Novembala 2024, masuku atayamba kugwa. Yachiwiri ikudikirabe malata. Woyenda pa mseu waukulu saona kanthu koma phiri ndi mitengo yake, ndipo alendo awiri abwerera kale atasochera, zimene zapatsa otsutsa nkhani yoseka. Komiti yavomera kuika chikwangwani pamphambano. Anthu ayamba kubweretsa zinthu: mvukuto, nsompho, makasu a chitsulo chosula, mbalule yong'ambika chikopa, mitsuko isanu. Mphero ya amai anga aakulu ndinaiika patebulo pakati pa chipinda, ndipo ndinalemba bwinobwino pa kapepala dzina lake, ntchito yake ndi chaka chimene mwini wake anamwalira.

Gogo uja miyendo inamukana, kotero mdzukulu wake anabwera naye pa njinga. Anazungulira nyumbayo pang'onopang'ono akugwira miyala ya khoma, anayang'ana misuku, osanena kanthu. Ine ndinali pambuyo pake kudikira mau, monga mwana wodikira kope lake. Atalowa mkati anaima pa tebulo lija.

"Aphunzitsi, mphero ya patebulo munaiona kuti?"

Anaitana anyamata awiri kuti aitsitse ndi kuiika pansi pakhonde, natuma mdzukulu wake kukapempha mawere kwa oyandikana nafe. Atabwera nawo anakodola mtsikana wina wa Sitandade 5 amene ankatola masuku, namgwaditsa, namgwiritsa mwana wa mphero ndi manja awiri. Poyamba mawere ankathawira m'mbali, gogo akudzudzula kuti msana uwerame, mphamvu ichoke m'mapewa. Ana ena anataya masuku nadzaunjikana mozungulira, aliyense akupempha kuti ayeseko. Ine ndinabwerera m'chipinda, ndinachotsa kapepala kaja patebulo ndi kukapinda m'thumba la malaya, kenaka ndinapita kukafuna lichero lolandirira ufa.